Chitenje cha aNatilu

Wati ukupita ku Denmark ndi anzako a kuntchito? Ndiye khala pansi kaye, chikwamacho ulongedza madzulo. Tenga kafoni kakoko uzilemba mmene ndikunenera, usakonze ayi, ndikudziwa Chichewa chako chotulukira m'mphunocho. Pali kanthu ndikufuna ukanditengere kumeneko, koma ndikangokuuza chabe undiseka. Uyambe wamva nkhani yake.

Dziko la Denmark ine sindinapondeko, ngakhale kuloza kumene lili sindingathe. Koma ndinagulako anyezi zaka zambiri ndithu.

Ndinabwera kuno iwe uli khanda lofiira, amayi ako atandiitanitsa kuti ndidzakulere. Iwo ndi unesi wawo uja, mashifiti osatha, abambo ako kufakitale ya magalimoto ku Solihull, m'mawa onse psiti, kutsala ine ndi iwe m'fulati ya ku Nechells, m'mwamba muja. Pawindo ndinkangoona madenga a mafakitale ndi malole. Ine munthu woti ndinakulira pamsika wa Lizulu, kugulitsa kabichi ndi kachewere, pakamwa posapuma kuyambira mbandakucha! Kuno tsiku linkatha osalankhula ndi wamkulu mnzanga. Ndinkapereka moni pamasitepe, munthu n'kungoyang'ana nsapato zake ngati ndamupempha mchere. Ndinayamba kucheza ndi iwe, iwe n'kumangondiyankha ndi malovu.

Loweruka amayi ako ankanditengera kumasitolo akuluakulu aja. Aa, ine mutu unkazungulira. Sopo yekha mitundu yodzaza khoma, zonse zolembalemba, ndipo mwezi uno shuga ali uku, mwezi wamawa amusunthira uko. Ine sukulu sindinapiteko, ukudziwa, abambo anga ankati mwana wamkazi akaphunzira amalembera amuna makalata. Ndiye ndinkangotsatira pambuyo ngati mbuzi yogulitsidwa, kugwira trole basi.

Tsiku lina abambo ako anandionetsa kasitolo kena, koyenda pansi, ukangodutsa mlatho wa sitima uja. Anati, "Amayi, iyi ndi ya anthu a ku Denmark. Kwawoko ndi yakalekale, agogo a agogo awo ankagula momwemo. Inayamba ngati kagolosale, n'kukula, n'kukula, mpaka kuwoloka nyanja. Koma kuno anthu amainyoza, ati ndi ya amphawi." Ine ndinati ndiye ndi yanga imeneyo.

Nditalowa, mtima unakhala pansi. Munalibe nyimbo, munalibe zokongoletsa. Katundu ankangomubweretsa m'makatoni, kung'amba pamwamba, kuika pamenepo, ngati mmene tinkachitira ife pamsika. Ndipo chinthu chilichonse chinali ndi malo ake osasuntha. Ukalowa, kudzanja lamanja anyezi, kachewere, kabichi. Ukapita patsogolo mafuta ophikira. Ukakhota, mazira. Kumapeto, kozizira kuja, ntchafu za nkhuku. Ndinailoweza ndi mapazi sitolo imene ija, ungandimange maso ndikadakakutengera shuga. Kuyambira pamenepo ndinkakubereka kumsana, chikhothi pamwamba, n'kupita ndekha. Azungu kucheuka kuona nkhalamba ya chinunda, kenaka chinundacho n'kuyetsemula! Unali iwe.

Tsono patilu, polipirira paja, pankakhala mayi wina wachizungu, wojintcha, tsitsi lofiira koma lochita kupaka, kumizu kukuoneka imvi. Msinkhu tinali ofanana, mwina iwo anali akulu pang'ono. Manja awo anali achangu zedi, katundu ankachita kuuluka. Iwo wogula aliyense ankamutcha "bab", kaya ndi mwana, kaya ndi bambo wandevu. Akamaliza nawe ankati, "Tara, bab," ndiye kutsanzika kwa anthu a kuno kumeneko. Dzina lawo linali pachifuwa, pakabaji, tsiku ndi tsiku likundiyang'ana, ine osatha kuliwerenga. Kufunsa? Munthu wamkulu sumufunsa dzina ngati mwana wa sukulu. Ndiye ndinangowapatsa langa. Kwathu kuli aNaphiri, aNabanda, awa ndinati ndi aNatilu.

Chimene chinayambitsa chinzathu ndi nsomba. Ndinaona timabotolo muli nsomba zoduladula m'madzi, ndinati lero tidya za kunyanja. Nditafika nalo patilu, aNatilu analinyamula, kuliyang'ana, kundiyang'ana ine, n'kukwinya nkhope ngati munthu woluma bwemba. "No, bab." Analibisa pansi pa tilu. Ine kuumirira, kuloza, iwo kupukusa mutu. Mawa lake ndinadutsira patilu ina, kwa kamnyamata, n'kugula. Mwanawe! Nsomba zowawasa, zotsekemera, zosaphika, anthu a ku Denmark Mulungu awakhululukire. Ndinayesa kuzikazinga ndi tomato, nyumba yonse kununkha mpaka abambo ako anakadyera kunja. Nditapitanso ndinawakwinyira nkhope yomwe ija. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi lisiti.

Kuchokera tsikulo anasanduka maso anga. Ankayang'ana m'basiketi mwanga chimodzichimodzi. Tsiku lina ndinatenga botolo lachikasu ndikuyesa mafuta, anali mankhwala okolopera. Tsiku lina mabisiketi oti ndikupatse iwe, anandiuwira patilu pomwepo, "Wu! Wu!" anthu onse kucheuka, ine n'kuzindikira kuti ndi a galu. Sanandichititsepo manyazi. Ankangochotsa, n'kukuwira mnzawo kuti abweretse choyenera, mzere ukudikira. Chizungu changa chinali "thenkyu" ndi "sore", Chichewa chawo panalibe, koma tinkacheza. Ndinadziwa kuti amuna awo anamwalira, anandionetsa mphete n'kuloza kumwamba. Ine ndinaloza kumwamba kawiri, amuna ndi mwana wanga woyamba. Anandigwira dzanja. Bambo wina pambuyo panga anatsokomola mwadala, iwo anamuyang'ana diso limodzi, chifuwa chake chinathera pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha chinkandiwawa. Chenji ankachita kundiponyera m'dzanja ndi dzanja limodzi, nthawi zina lamanzere, maso ali kale pa munthu wina. Ine ndalama ndinkapereka ndi manja awiri, bondo n'kupindako pang'ono, monga tinaleredwera. Ndinkadziwa kuti si mwano, ndi mmene alili anthu a kuno, koma mumtima zinkandikanda.

Ndiye tsiku lina ndinakazinga mandasi, n'kukulunga angapo m'pepala, akadali ofunda. Nditawapatsa, anatambasula dzanja limodzi, linalo likukankha katundu wa munthu. Ine osaganiza, ndinangowamenya kambama kakang'ono pamkono, phaa, ngati mmene ndinkakuchitira iwe. Ndinati kalanga ine, ndamenya mzungu m'dziko lake, lero ndigona kupolisi, amayi ako ntchito yatha. ANatilu anandiyang'ana kukamwa yasaa. Ndinagwira dzanja lawo linalo, n'kuliika pansi pa linzake, n'kuikapo mandasi. Anayang'ana manja awo, kuyang'ana ine, kenaka anati, "Ooo!" Anaimirira pampando, n'kupinda bondo mpaka kugunda kabati ya ndalama.

Basi, kuyambira pamenepo chenji changa chinkabwera ndi manja awiri. Kaya mzere wafika kumazira, ankasiya zonse, manja awiri. Ndipo anaonjeza okha. Tsiku limene ine ndapereka ndalama ndi dzanja limodzi chifukwa linalo ndakugwira iwe, phaa pamkono panga! N'kundiloza chala, "A-a, bab!" Wophunzira anaposa mphunzitsi.

Ankakonda zitenje zanga. Ndinkamanga chitenje pansi pa chikhothi, iwo n'kumatsina kansonga kake, kukasisita ndi chala, "Lavuli." Ndinkati mumtima, tsiku limene ndidzapite kumudzi ndidzawabweretsera chawo.

Iwe ukuseka chiyani? Ukuyesa ndaiwala za jumbo? Lemba imeneyonso. Utayamba sukulu ndinakuikira nsapato zothamangira m'jumbo ya sitolo imene ija, yolimba bwino, yatsopano. Unabwerako nkhope itatupa, wabisa jumbo m'malaya, ati anzako akuseka kuti kwanu ndi osauka. Unandikalipira m'Chizungu chimene sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ine ndinadabwa. Jumbonso ili ndi mtundu? Kwathu jumbo timaichapa n'kuiyanika pachingwe. Kuyambira pamenepo tikamapita kositolo unkayenda patsogolo patali, ngati sitikudziwana. Koma maswiti amene aNatilu ankakusungira m'thumba la yunifomu sunakanepo ayi.

Kenaka kunabwera uthenga woti achimwene anga atisiya. Ndi amene anandilera amayi atamwalira. Zinthu zinachitika mothamanga, amayi ako pafoni, tikiti, sutikesi, ine mutu sukugwira. Ndinakwera ndege osapita kositolo. Ndinakumbukira tili m'mwamba kuti sindinatsanzike, koma ndinadzitonthoza, ndinati sitolo sithawa, yakhala kuyambira nthawi ya agogo a agogo.

Kumudzi ndinakhalitsa. Maliro, kumeta, nkhani za munda, kenaka ine ndemwe malungo anandigwetsa, kenaka mapepala obwererera kuno anavuta. Mvula inagwa, chimanga chinacha, ndikadali konko. Ndisananyamuke ndinapita pa Lizulu kukasankha chitenje. Ndinavutitsa wogulitsa, kutsitsa mulu wonse, mpaka anati, "Amayi, mukusankhira mkwatibwi?" Ndinatenga chobiriwira, cha mpendadzuwa akuluakulu, choti chigwirizane ndi tsitsi lofiira lija.

Nditafika kuno, m'mawa mwake ndinakazinga mandasi, chitenje m'chikwama, ulendo. Amayi ako anati, "Amayi, dikirani, pali zoti ndikuuzeni," ine ndili kale pamasitepe. Ndinadutsa mlatho. Nyumba inalipo, khomo lomwe lija, koma utoto wina, chikwangwani china. Ndinalowa. Nyimbo. Pamene pankakhala anyezi panali maluwa ndi manyuzipepala. Ndinayenda kufuna mazira ndinapeza matewera. Patilu paja panali tiatsikana tosadziwika ndi makina olankhula okha. Ndinaima pakati pa sitolo ndi mandasi anga ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika.

Abambo ako ndi amene anandilongosolera. Ati eni ake a ku Denmark anagulitsa masitolo awo a kuno kwa ena akuluakulu n'kubwerera kwawo. Ogwira ntchito ena anatsala, ena anawasamutsa, ena anapuma. Amayi ako anandiperekeza kukafunsa kwa manijala watsopano, mnyamata waulemu ndithu. Anati, dzina lawo ndani? Amayi ako anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndikanati chiyani, aNatilu? Ndinati wojintcha, tsitsi lofiira, amati "bab". Mnyamatayo anamwetulira, ati theka la amayi a mu Birmingham ndi otero.

Ndinawafuna, mwanawe. M'basi ndinkayang'ana mitu ya anthu. Kumsika waukulu wa m'tauni ndinagwirapo mkono wa mayi wina, atatembenuka si iwo, anakumbatira chikwama chake ngati ndine wakuba. Chimene chinkandidya n'choti iwo ankaganiza chiyani. Munthu mwazolowerana naye zaka zonsezo, tsiku lina wangosowa, osati tsalani bwino, osati chiyani. Kwathu wochoka choncho ndi munthu amene wakwiya, kapena wakuba mbuzi. Mwina ankati ndafa. Mwina tsiku lotseka anandidikira.

Pambuyo pake kugula ndinasiya. Masitolo enawa sindiwatha. Lero amayi ako amangodina pafoni ali kuchipatala ku Walsgrave pa buleki, galimoto n'kubweretsa pakhomo, tomato wosankhidwa ndi munthu amene sindinamuonepo. Chitenje chija chinakhala pansi pa sutikesi. Pochoka ku Nechells tinasamuka nacho. Amayi ako anachipempha kangapo, ati asokere diresi la kutchalitchi, ine ndinkati chili ndi mwini wake. Iwe unakula, ine ndinayamba kuyenda ndi ndodo.

Tsono izi za posachedwa ukuzidziwa, koma lemba, ana ako adzawerenge. Kutchalitchi kwadzaza atsikana atsopanowa, obwera kudzasamalira okalamba. Tsiku lina titaweruka tikumwa tiyi, akusimbirana za kuntchito, mtsikana wina wa ku Chipata, wolongolola ngati ine, anati, "Imwe, ku keya homu kwathu ku Solihull kuli ambuya ena a chizungu, mutu unasokonezeka, mwana wawo samuziba. Manje ukabapasa kapu ya tiyi na kwanja imozi, bakumenya pamkono, phaa! Bafuna manja yabili. Nikuti uyu muzungu anakulira ku Katete kapena?"

Anzake anafa nako kuseka. Ine ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Mwanawe, tabwera kuno. Amayi amenewo ankagwira ntchito yanji?" Ati mwana wawo amati m'sitolo, patilu, moyo wawo wonse. Ndinati tsitsi lofiira? Ati ayi, loyera ngati thonje. Ndinati dzina? Anati, "Ambuya, siningakambe, nchito ingasile." Ndinati usanene, ngakhale utanena sindingalidziwe. Mwana wabwino amene uja. Anakafunsa kwa akuluakulu ake, iwo anafunsa mwana wa mayiwo, mwanayo anati bwerani, alendo sawaona kawirikawiri.

Unanditengera kumeneko ndiwe, pagalimoto. M'njira monse ndinkadzikalipira, ndinkati nkhalamba iwe, azungu olandira ndi manja awiri angakhale ambiri, ukukachita manyazi. Titalowa m'chipinda chochezera ndinaona kamayi kakang'ono pampando wa pawindo, kowonda, bulangeti pamiyendo. Mtima unagwa. ANatilu anali chimunthu chodzaza mpando. Nkhope sindinaizindikire, ndisaname. Iwonso anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Ndinati poti ndabwera, ndingopereka. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama. Dzanja ili linali pa ndodo, ndiye ndinatambasula limodzi.

Phaa!

Kambama kopanda mphamvu, ngati tsamba lakugwera. Chala m'mwamba. "A-a, bab."

Ndodo ndinaitaya pansi, unatola ndiwe. Ndinagwira chitenje ndi manja awiri, bondo langa lowumali ndinalipinda mpaka linalira. Iwo anatulutsa manja onse m'bulangeti, kulandira, n'kuchiika pamiyendo. Anatsina kansonga, kukasisita ndi chala pa mpendadzuwa. "Lavuli."

Ngati anandidziwa, kaya. Iwe umati anandidziwa, mtsikana wa ku Chipata amati amatero ndi aliyense. Ine sindilimbana nazo. Ndinakhala pambali pawo n'kuwauza zonse m'Chichewa, kuti achimwene anamwalira, kuti ndinadwala, kuti sindinachoke chokwiya, kuti ndinabwera ndi mandasi ndinapeza maluwa pamalo pa anyezi. Ndinawaonetsa iwe, ndinati chinunda chija ndi ichi, chikuyendetsa galimoto. Iwo ankangosisita chitenje, nthawi zina kuyang'ana pawindo. Mandasi anadya theka, zinyenyeswa zili mbwee pabulangeti.

Nthawi itakwana ndinaimirira bwinobwino kutsogolo kwawo. Ndinati, "ANatilu, ine ndikupita. Tsalani bwino. Zikomo pondiwerengera." Sanadzutse mutu. Ndinatembenuka, tayenda pang'ono, ndinamva kumbuyo, ndi liwu lomwe lija la patilu, lotopa, lothamangira wotsatira pamzere: "Tara, bab."

Potuluka unandiwerengera dzina lawo pachitseko cha chipinda. Dzina labwino, lalifupi, zaka zonse zija linali pamphuno panga. Usalilembe. Ndayesa kulitchula ndekha kuchipinda, silikuwakhala.

Usiku wake ndinagona tulo, koma sitolo ija ndimailotabe. Ndimalowa, kumanja anyezi, patsogolo mafuta, ndikakhota mazira, iwe uli kumsana ukundikoka duku. Ndimadzuka ndisanafike patilu.

Ndiye abambo ako akuti kwawoko ikadalipo, sinafe, ili m'tauni iliyonse. Ukafika ukaifunefune. Ukalowe, ukaone ngati anyezi ali kumanja, udzandiuze. Nsomba za m'botolo usagule, ngakhale akunyengerere bwanji. Ugule kanthu kalikonse, kaya mchere, koma upemphe jumbo. Imeneyo ndi imene ndikufuna. Ndipo usaibise m'malaya, uinyamule poyera mpaka pabwalo la ndege. Polipira, foniyo uike m'thumba. Manja awiri.